Tisamale Maondo a Atsikana Athu pa Ntchemberembaye

M'chaka cha 2018 Mwawi Kumwenda anathandiza timu ya Malaŵi Queens kugonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Patangopita miyezi yochepa, akuseŵerera Melbourne Vixens ku Australia, mtsempha wa m'kati mwa bondo lake unaduka, ndipo mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool unam'pita.

Iyeyo anali ndi madokotala pafupi. Nanga mtsikana wathu wa ku Thambani kapena ku Kunenekude, woseŵera pabwalo louma lamiyala? Chipatala cha Mwanza chikalephera, ulendo wake ngwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, makilomita pafupifupi 100, ndipo sukulu imayamba yaima.

Mtsemphawu, umene madokotala amautcha ACL, umamanga fupa la ntchafu ku fupa la msongolo. Kaŵirikaŵiri umaduka popanda kugundana ndi munthu. Mwana wadumpha kuŵakha mpira, watera mwendo uli chiwongokere, bondo lapindikira m'kati, basi zatheka. Lamulo la ntchemberembaye loti woŵakha mpira aime pomwepo limalemetsa bondo koposa. Atsikana amavulala motere kaŵiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi anyamata.

Makolo, tisathamangire kuŵaletsa maseŵeraŵa, pakuti mankhwala ake alipo, ndipo ngaulere. Ofufuza anapeza kuti kukonzekeretsa thupi kumachepetsa ngozizi pafupifupi ndi theka. Mphindi 15 zikwanira, kaŵiri kapena katatu pa sabata. Atsikana ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono, kenaka azinjuta ndi kudzuka, aziima ndi mwendo umodzi, ndipo aphunzire kutera mofeŵa, maondo atapinda, ataloza kumene zala zaloza. M'mera mpoyamba: aphunzitsi ayambe nawo akali ku pulayimale, ndipo ife tikwirire maenje ndi kutola miyala pabwalo.

Inu atsikana, bondo likalira kuti "phwa!" ndi kutupa tsiku lomwelo, tulukani m'bwalo ngakhale anzanu akukakamizeni. Ikanipo nsalu ya madzi ozizira, mwendo ukhale pokwera, ndipo mupite kuchipatala. Kulitemera mphini kapena kulikoka sikulumikiza mtsempha.

Wochitidwa opaleshoni amadikira miyezi 9 kapena kuposerapo asanaseŵerenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwawi anadekha, ndipo mu 2020 Vixens itatenga chikho, ndiye anasankhidwa kukhala woseŵera bwino koposa pa ndime yotsiriza.