AKAPITAWO A M'THUPI: AKASOKERA, KHANSA IPEZA NJIRA

Anthu ambiri a m'midzi amafunsa kuti kodi cotupa ca khansa cimacokera kuti, popeza munthu amakhala ali bwino-bwino zaka zambiri. Ena amaloza zala anansi awo, ena namapita kukaombeza. Koma akatswiri a sayansi apeza kuti gwero la nthendayi liri mkati mwa thupi lomwe.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri tochedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Mu selo muli kaulusi kochedwa DNA, kamene kutalika kwace ndi pafupi-fupi mamita 2, ndipo kanakulungidwa pa tinthu tochedwa mahistoni monga ulusi wokulungidwa pa citsononkho. Pa kaulusi kameneka panalembedwa malangizo pafupi-fupi 20,000 ochedwa majini. Ena amauza selo kuti licurukane, ena amaliuza kuti lileke, ndipo enanso amaliuza kuti life ngati laonongeka.

Majini onsewa sagwira nchito nthawi imodzi. Pali maenzaimu, tinthu togwira nchito m'selo ngati akapitawo, amene amatsegula majini ena ndi kutseka ena. Enzaimu yochedwa DNMT imaika cizindikiro pa DNA, ndipo jini likacuruka zizindikirozo pa khomo pace limatsekeka. Ina yochedwa HDAC imacititsa kuti kaulusi kamangike zolimba pa mahistoni kotero kuti malangizo sangawerengeke. Nchito imeneyi njabwino, pakuti ndiyo imasiyanitsa selo la khungu ndi la ciwindi ngakhale kuti DNA yace ndi imodzi-modzi.

Tsoka limadza pamene akapitawowa atseka majini amene ayenera kuletsa selo kucurukana. Selo lotere limakhala ngati ngolo yotsika phiri popanda mabuleki: limagawikana kosaleka kufikira cotupa cioneka. M'caka ca 1983 Andrew Feinberg ndi Bert Vogelstein a ku America anasonyeza kuti zizindikiro za pa DNA ya maselo a khansa zimasiyana ndi za maselo abwino.

Nkhani imeneyi ikhudza kwambiri dziko la Zambia, m'mene khansa ya khomo la cibaliro ndiyo icuruka koposa pakati pa amai. Imayamba ndi kacirombo ka HPV, kamene kamafalikira pogonana, ndipo mitundu yace iwiri, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupi-fupi 70 peresenti ya khansa imeneyi padziko lonse. Harald zur Hausen wa ku Germany, amene anatulukira zimenezi, analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kacirombo kameneka kamapanga tinthu tiwiri, E6 ndi E7. E6 amanyengerera enzaimu ina ya m'selo kuti iphwanye p53, mlonda wamkulu woletsa khansa. E7 amafooketsa mlonda wina wochedwa Rb, ndiponso amagwira DNMT nailimbikitsa pa nchito yace.

Cinthu copatsa ciyembekezo ndi cakuti zizindikiro zimenezi zikhoza kucotsedwa. Mankhwala a azacitidine, amene amaletsa DNMT, analoledwa ku America mu 2004 pa nthenda ina ya mafuta a m'mafupa, ndipo vorinostat, woletsa HDAC, analoledwa mu 2006 pa khansa ina yoonekera pa khungu. Komabe mankhwalawa athandiza makamaka pa khansa za m'magazi, ndipo sindiwo amene amacizira khansa ya khomo la cibaliro.

Conco cida cacikulu ca mai wa kumudzi ndico kufulumira. Bungwe la World Health Organization linena kuti pamapita zaka 15 kufikira 20 maselo osokera asanasanduke khansa, koma kwa mai amene citetezo ca thupi cinafooka, monga wa HIV yosalandirira mankhwala, zimatenga zaka 5 kufikira 10 cabe. Amai a HIV ali pa ngozi yoposa ya anzao kasanu ndi kamodzi.

Nchito yopima amai inayamba mu Zambia m'caka ca 2006. Namwino amapaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo malo odwala amayera, nacizidwa khansa isanayambe. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka cinatsegulidwa mu 2007, ndipo mu 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse.

Akale anati m'mera mpoyamba. Mai aliyense amene aona magazi pambuyo pa kugona ndi mwamuna, kapena ataleka kale kusamba, ayenera kupita ku kiliniki msanga. Ngakhale wosamva kuwawa ayenera kukapimidwa. Amuna aperekeze akazi ao, ndipo mafumu ndi aphunzitsi alimbikitse makolo kulola ana ao akazi kulandira katemera.