Mafayilo akale akakana kutseguka, musafulumire kutaya diskete

LICHINGA — M'nyumba zina za bairo la Sanjala mukadali makompyuta a Windows 98 ndi XP, pamodzi ndi mabokosi a madiskete. M'menemo muli makalata opempha malo, zolemba za kusukulu ndi mabuku a malonda. Popeza diskete imodzi imangonyamula 1,44 MB, eni ake ankapanikiza mafayilo kukhala ZIP, ARJ kapena RAR. Lero ambiri akafuna kuwamasula, kompyuta imakana.

Choyamba kuyang'ana ndi msinkhu wa pulogalamu. Phil Katz anatulutsa PKZIP mu 1989, ndipo mu 1993 PKZIP 2.04 inabwera ndi kapanikizidwe katsopano kamene PKUNZIP 1.10 sikadziwa. Chimodzimodzi RAR5 ya mu 2013: WinRAR yosafika pa 5.0 imanena kuti fayilo ndi yowonongeka pamene ili bwinobwino. Pulogalamu yaulere ya 7-Zip, imene Igor Pavlov anayamba mu 1999, imatsegula mitundu itatu yonseyi.

Chachiwiri ndi fayilo yogawidwa pa madiskete angapo. Zidutswa za ARJ zimatsatana motere: .arj, .a01, .a02, za RAR yakale ndi.rar, .r00, .r01. Ziikeni zonse mu foda imodzi, muyambire pa choyamba. ZIP yogawidwa imayamba yapempha diskete yomaliza, chifukwa ndandanda ya zamkatimo imalembedwa kumapeto. Ikasowa imeneyo, ntchito imakula.

Chachitatu, chowawa kwambiri, ndi uthenga wa CRC. Popanikiza, pulogalamu imawerengera nambala ya fayilo iliyonse n'kuisunga. Pomasula imawerengeranso, ndipo ziwirizo zikasiyana ndiye kuti china chasintha. Kuno zifukwa sizisowa. Mzinda wa Lichinga usanalumikizidwe ku magetsi a Cahora Bassa mu 2005, unkadalira kwambiri majenereta a dizilo, ndipo magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba, fayilo inkatsala yoduka. Chinyezi cha m'dzinja nachonso chimameretsa nkhungu pa diskete.

Zikatero, kankhani kachotsekera ka pakona ya diskete kuti bowo lioneke, pasalembedwenso kanthu. Koperani fayilo mu kompyuta, ndipo kukonza konse muchitire pa kope, osati pa diskete. PKZIPFIX imamanganso ndandanda ya ZIP, ndipo WinRAR mukhoza kuiuza kuti isunge ngakhale mafayilo oduka. Tsamba limodzi likatayika, ena angapulumuke.

Maina nawo amasokoneza. MS-DOS imalola zilembo 8 zokha ndi zina 3 pambuyo pa kadontho, ndipo zilembo za Chipwitikizi monga ç ndi ã zimatuluka zachilendo pa makina ena. "Declaração" ikasanduka dzina losawerengeka, zamkati sizinawonongeke, ingosinthani dzinalo.

Fayilo ikatseguka, musaibwezerenso pa diskete. Isungeni yosapanikiza m'malo awiri osiyana, ndipo kalata ya malo muisindikizenso papepala.