CINGWE CIMODZI CINYAMULA MAU A ANTHU 30

M'mawa uliwonse anthu ambiri a ku Kanyama, Matero ndi George amalunjika ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, kumene kuli mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Eni masitolo a ku Chipata ndi ku Petauke akafuna zakudya za nkhuku, mafuta ophikira kapena zitsulo za galimoto, kawirikawiri amaitanitsa kumeneko pa lamya kapena pa kompyuta.

Fakitale imodzi ingakhale ndi malamya ambiri. Kodi lamya iliyonse ili ndi waya wakewake wofika ku likulu la malamya? Iai. Waya wa mkuwa ndi wokwera mtengo, ndiponso kuukwirira pansi ndi nchito yaikulu. Cifukwa cake akatswiri anapanga makina ochedwa multiplexer, amene amasonkhanitsa mau a anthu ndi mauthenga a kompyuta pa cingwe cimodzi.

Munthu akamalankhula, makina amapima mau ake nthawi 8,000 pa sekondi imodzi, nasandutsa muyeso uliwonse kukhala nambala. Njira imeneyi anaitulukira Alec Reeves wa ku Britain mu 1937.

Multiplexer imalonga manambalawo monga katundu m'sitima ya ngolo 32. Ngolo 30 ndi za olankhula, yense ndi yake. Ziwiri zotsalazo zimasunga nthawi ya ulendo ndi kudziwitsa makina kuti lamya yaitana kapena yatsekedwa. Sitimayi imanyamuka nthawi 8,000 pa sekondi, kotero khutu silimva kuti mau akuyenda modukizadukiza. Kumapeto a cingwe multiplexer ina imatsitsa katunduyo ndi kupatsa yense wake. Mzere wotere umachedwa E1.

Popeza kompyuta nayonso imalankhula m'manambala, kampani ingapatule ngolo 20 za mau ndi 10 za maakaunti ndi maoda, zonse pa cingwe comweco.

M'dziko muno nchito ya malamya inali m'manja mwa bungwe la Posts and Telecommunications Corporation kuyambira mu 1975, kufikira mu 1994 pamene linagawidwa kukhala Zamtel ndi Zampost. Masiku ano makampani ambiri asamukira ku zingwe za ulusi wa galasi zonyamula kuwala, koma nzeru yogawana njira imodzi ikali yomweyo.

Akulu anati walira mvula walira matope. Cingwe cimodzico cikaduka, malamya onse ndi makompyuta omwe amakhala cete nthawi imodzi. Maoda safika, malole amagona osapakira, ndipo wanchito wa ganyu wa ku Kanyama amabwerera kwao cimanjamanja. Ku mudzi nako sitolo imasowa katundu.

Zingwe zimadulidwa ndi akuba ofuna mkuwa, kapena ndi anthu okumba ngalande ndi maziko a nyumba osayamba afunsa. Conco owerenga athu akaona munthu akufukula cingwe ca lamya, kaya m'komboni kaya m'mbali mwa mseu waukulu, adziwitse apolisi kapena a mfumu mwamsanga.