Za Kudzidzimutsa Ana ndi Ulendo wa ku Nyanja

Inu makolo okondedwa a ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene ena adzachiyesa chachibwana, koma ife tichiyesa chachikulu ndithu. Tafunsani ana a m'mudzi mwanu kuti usipa umene adyera nsima uchokera kuti. Onse adzayankha msanga kuti ku nyanja. Muwafunsenso kuti ndani mwa iwo adaiona nyanjayo ndi maso ake. Pamenepo padzangoti zii, pakuti ambiri aidziwa pa mapu a ku sukulu pokha, ndipo madzi aakulu amene adawaonapo ndiwo a Bua kapena a Nambuma pa nthawi ya dzinja. Chonsecho kuchokera ku Namitete kufika ku Senga Bay ndi makilomita ngati 170 okha, ulendo wa theka la tsiku pa galimoto.

Mwambo wa ku maiko akutali

Ku maiko ena kuli midzi yathunthu yomangidwira masewera okhaokha. Wotchuka koposa ndi Disneyland, umene udatsegulidwa pa 17 Julaye 1955 ku Anaheim, m'dziko la Amereka. Mwini wake, Walt Disney, adasimba yekha m'mene maganizowo adamfikira. Tsiku Loweruka ankatenga ana ake aakazi awiri kunka nawo ku bwalo lina la masewera ku Los Angeles, ndipo pamene anawo ankakwera tiakavalo tamitengo tozungulira, iye ankangokhala pa benchi namatafuna mtedza. Tsono adadzifunsa mumtima kuti, bwanji palibe malo amene kholo ndi mwana angakondwere pamodzi? Ku Johannesburg nakonso kuli malo otere, dzina lake Gold Reef City, omangidwa pa mgodi wakale wa golide. Mzinda umene agogo athu a pa Wenela ankakhetserako thukuta pansi pa nthaka, lero ana akwerako tisitima tothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika.

Makolo ambiri a kumeneko ali ndi mwambo wobisira ana ulendo wotere. Asunga ndalama miyezi yambiri osanena kanthu, kenaka tsiku lina m'mamawa adzutsa ana nawauza kuti lero lomwe tinyamuka. Ana ena alumphalumpha ndi chimwemwe, koma ena, makamaka aang'ono, angokhala kakasi kapena kuyamba kulira, chifukwa nkhaniyo yawagwera mwadzidzidzi.

Ife kuno tilibe midzi ya masewera yaikulu chotero, ndipo sitidandaula. Chimene Disney ankafuna pa benchi paja sichinali makina ayi, koma kuti kholo ndi mwana akondwere pamodzi. Ichi mlimi wa mtedza wa ku Nsaru angathe kuchichita, pakuti tili ndi nyanja imene alendo aolokera maiko kudzaiona. Koma pali kachitidwe kabwino ndi kachitidwe koipa, ndipo tifanizira zimenezi ndi mabanja awiri.

Atate amene adalankhula msanga

Munthu woyamba adauza ana ake m'mwezi wa Januwale, ali m'munda kupalira chimanga, nati: "Ana anga, limbikirani, fodya akagulidwa ku Kanengo ndidzapita nanu ku nyanja." Ana adakondwa, ndipo m'mawa mwake sukulu yonse idaimva nkhaniyo. Fodya adagulidwadi, koma ngongole ya feteleza idatenga gawo lake, ndipo zotsala zidathera pa sitolo ndi pa mowa, kumene atatewo adakhalako sabata yathunthu osabwera ku mudzi. Mwezi wa Ogasiti udafika nupita, ulendo osaoneka. Anzawo a ku sukulu adayamba kuwaseka anawo, akawaona namati, "Abwera a ku nyanja aja." Chiyambire pamenepo, atate akalonjeza kanthu, mwana wamkulu angoti "Inde, atate," koma m'maso mwake muoneka kuti sakhulupirira. Akuluakulu adati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Munthu uyu adataya ndalama, koma adatayanso chinthu chosagulika pa msika, ndicho chikhulupiriro cha ana ake pa mau ake.

Atate amene adasunga pakamwa

Munthu wachiwiri adayamba ndi kupangana ndi mkazi wake usiku, ana atagona. Mkaziyo adati: "Bambo a ana, tisawauze kanthu kufikira ndalama zitakwana m'manja mwathu. Mvula ikakana kapena wina akadwala, tidzangokhala chete, ndipo palibe mwana adzalira." Adapatula mizere ina ya mtedza ndi kamwana kamodzi ka mbuzi, nati izi ndi za ulendo. Mayi ankaponya pang'ono ku banki m'khonde sabata ndi sabata, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Adayamba alipira ngongole, nasunga chimanga chokwanira chaka ndi ndalama za zofunika ku sukulu, ndipo pambuyo pake m'pamene adawerenga za ulendo: zokwerera kupita ndi kubwera, zogonera usiku umodzi, ndi zina zapadera zodikira tsoka la panjira.

Zonse zitakwana, tsiku Lachitatu madzulo, atatha kudya nsima, atate adati: "Chilape!" Ana adayankha: "Nachize!" Atate adati: "Dziwe langa lopanda tsidya." Wina adati mitambo, wina adati dambo la kwa agogo, ndipo onse atalephera, mayi adatenga usipa umodzi m'mbale nauonetsa, nati: "Loweruka tikaona kwawo kwa ameneyu." Mwana wamkulu adayamba kuzindikira, nafunsa motsitsa mau: "Amayi, kodi ndi zoona?" Mayi adamuonetsa ndalama zomangidwa pa kansalu. Usiku umenewo m'nyumbamo simudagonedwe msanga.

Chifukwa chake cha masiku atatu

Taonani kuti banja lachiwirili lidabisa miyezi yambiri, koma lidaulula kutatsala masiku atatu, losadikira m'mawa wa ulendo. Ife tiyesa kuti iyi ndiyo nzeru, pa zifukwa izi.

Choyamba, kudikira chinthu chabwino ndi gawo lalikulu la chimwemwe cha mwana. Masiku atatuwo mwana afunsa mafunso, awerenga zala, achapa malaya ake, nalota nyanja asanaione. Mukamuuza pa khomo la basi, mwamlanda zonsezi.

Chachiwiri, mwana wamng'ono aopa chimene sachidziwa. Amene sanakwerepo galimoto ulendo wautali, kapena sanagonepo kunja kwa mudzi wake, afunika kuuzidwa bwino kuti tidzagona uko usiku umodzi, amayi adzakhala pomwepo, ndipo tidzabwerera kwathu.

Chachitatu, ife sitikhala tokha. Banja lozimirira m'bandakucha osatsazika lidetsa nkhawa mudzi wonse. Agogo ndi atsibweni a ana ayenera kumva, ndipo pafunika wina wotsala ndi mbuzi ndi nkhuku.

Pa miyezi yobisayo musaname. Mwana akaona mayi awerenga ndalama nafunsa, muyankheni kuti: "Ndi nkhani yabwino, udzaimva pa nthawi yake." Musanene kuti tipita ku chipatala kapena ku maliro pofuna kumsokeretsa, pakuti bodza lingakhale lamasewera liphunzitsa mwana kuti mau a makolo ali pawiri. Apa mupezanso mpata wophunzitsa ana kusiyanitsa zinsinsi. Chinsinsi chabwino chili ndi tsiku lake loululika, ndipo chikondweretsa onse. Koma munthu wamkulu akauza mwana kuti ichi usadzauze amako mpaka muyaya, chimenecho ndi choipa, ndipo mwana afulumire kukanena.

Chinanso, musasankhe ana. Mtsikana asatsale kuti aphikire agogo pamene alongo ake apita, ndipo mwana wamasiye amene mumlera asaone anzake akukwera basi iye ataima pa msewu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati ndalama sizikwana onse, dikirani chaka china.

Zimene ana adzaona

Mukanyamuka m'mawa kuchokera ku Namitete, mutsata msewu wa Mchinji makilomita ngati 50 kufika ku Lilongwe. Kumeneko mukwera ya ku Salima, ulendo wa makilomita ngati 100 pa msewu wa M14, ndipo kuchokera pa Salima patsala makilomita ngati 20 kufika ku Senga Bay. Muwakhazike ana pa zenera ngati kutheka. Dziko lathu la Lilongwe lili pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili mamita osafika 500. Chotero msewu utsika m'mapiri mokhotakhota, mphepo iyamba kufunda, ndipo ana adzaona milambe ikuluikulu imene kwathu kuno siioneka kawirikawiri.

Mukafika pa mchenga, musafulumire kuwaphunzitsa. Alekeni ayambe aima ndi kuyang'ana. Pambuyo pake muwauze kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto kuli malo akuya mamita ngati 700. Muwauze kuti David Livingstone adafika pa gombe lake mu 1859 napeza makolo athu akusodza kale m'mabwato. Muli mitundu ya nsomba mazanamazana, yochuluka kuposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo zambiri mwa izo, monga timbuna tamawangamawanga tokhala m'miyala, sizipezeka kwina kulikonse. Chifukwa cha nsomba zimenezi, dera la ku Cape Maclear lidapatulidwa mu 1980 kukhala malo otetezedwa, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Pitani nawo kumene asodzi akocheza, akaone makoka, chambo ndi kampango zili zaziwisi, ndi usipa wayanikidwa pa matandala. Usiku adzaona nyali za asodzi zili ndandanda pa madzi ngati mudzi woyandama. Kamba wa panjira atengedwe kunyumba: mbatata yootcha, mtedza wokazinga, chigumu ndi thobwa. Ndalama zimene mwapulumutsa mugulire chambo chimodzi chachikulu, mudye nonse m'mbale imodzi.

Machenjezo

Nyanja si dambo, ndipo ana a kumtunda sadziwa kusambira. Mwana asalowe m'madzi opyola m'chiuno, ndipo kholo limodzi liime pomwepo maso ali pa ana, losacheza ndi wina. Atate asalawe mowa tsiku limenelo. Kuyambira Meyi kufika Ogasiti kuomba mphepo ya mwera imene iutsa mafunde aakulu. Mukaona nyanja yakalipa, sewerani pa mchenga pokha, ndipo musakweze ana m'bwato. Funsani eni dera malo oyenera kusamba, pakuti kumabango ndi kumathiriro a mitsinje kukhala ng'ona ndi mvuu. M'madzi odikha a m'mabango mukhalanso tinkhono tofalitsa likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi patapita masabata kapena miyezi, mupite naye ku chipatala, mankhwala ake alipo. Tengani masikito, chifukwa ku nyanja udzudzu ndi wambiri. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndi pa Khrisimasi, anthu adzaza gombe lonse, ena ataledzera, ndipo mwana asochera msanga. Banja la ana aang'ono lichita bwino kusankha tsiku wamba pa tchuthi cha sukulu.

Kwa amene sangathe kufika ku nyanja

Wina adzati, zonsezi ndi za olemera. Iyayi. Ngati chaka chino sichidakomere, pali malo apafupi. Ku Malingunde kuli damu la Kamuzu, kumene madzi a mtsinje wa Lilongwe asungidwa kuti amwetse mzinda. Kuli nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinjewo uyambira, ndiponso kumene makolo a Achewa ankati kuli Kaphirintiwa, pamene padatsala mapazi a anthu oyamba pa thanthwe. Mumzinda wa Lilongwe momwe muli nkhalango yosungidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo ku Lumbadzi ana angaone ndege ikutera. Ulendo wa tsiku limodzi pa njinga, wokonzedwa mwachinsinsi ndi kuululidwa ndi chilape, udzakumbukika zaka zambiri. Mabanja awiri kapena atatu angathenso kusonkherana galimoto imodzi kuti mtengo upepuke.

Tsono makolo okondedwa, mbeu zikagulidwa chaka chino, kumbukirani kuti ana aja adapirira nanu njala ya Febuluwale. Pali abambo ambiri amene aidziwa Senga Bay bwino lomwe, chifukwa adapitako okha ndi ndalama za fodya, akazi awo ndi ana awo atatsala ku mudzi. Zisatero kwa inu. Panganani awiri usiku uno, patulani mizere yanu ya mtedza, sungani pakamwa kufikira ndalama zitakwana, ndipo mukalonjeza, chitani. Amene mudzapite, mutilembere kalata yosimba mau amene mwana wanu adzanena poyamba kuona madziwo, kuti tidzawawerengere anzanu m'mwezi wina. Tsalani bwino, ndipo mutiperekere moni kwa ana.