Kukonza Injini ya Galimoto Yakale Kuti Izilira Modekha

Malume anga ali ndi Volkswagen Beetle ya 1972, imodzi mwa zomwe zinkapangidwa ku Uitenhage m'dziko la South Africa mpaka 1979. Tidagwirizana kuti paukwati wa achemwali anga akwati adzakwere galimotoyi. Koma padali vuto: ikamathamanga inkalira bwino, ikangoima inkanjenjemera n'kuzima. Mdipiti wa ukwati umayenda ngati nanzikambe, choncho tidaopa kudzachita manyazi pakati pa msewu. M'nkhani ino ndifotokoza momwe tidaikonzera.

Injini ikamalira galimoto itaima, mpweya ndi petulo zolowa zimakhala zochepa kwambiri, ndipo kavuto kalikonse komwe liwiro limabisa kamaonekera poyera. Ine ndidathamangira kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Malume adandigwira dzanja nati, "Mphwanga, kabuleta timamalizira, sitiyambira." Ankatanthauza kuti kabuleta sangabise zolakwika za mbali zina.

Choyamba tidayeza mavavu m'mamawa injini isadalizidwe, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma. Pa injini iyi mpata wa vavu iliyonse umayenera kukhala mamilimita 0.15, ndipo timauyeza ndi timalata topyapyala tolembedwa manambala. Vavu yothina siitseka bwino, motero silinda yake imataya mphamvu. Ife tidapeza ziwiri zothina.

Chachiwiri tidaona za moto. Tidatsuka mapulagi onse anayi, kenaka tidaika mpata wa mapointi pa mamilimita 0.4. Titatero m'pamene tidakonza nthawi yomwe moto umathetheka m'silinda, potembenuza disitibyuta pang'onopang'ono uku tikuyang'ana chizindikiro chomwe chili pa pule ya injini. Ndondomekoyi siisinthanitsidwa, pakuti mukasintha mpata wa mapointi nthawi ya moto imasinthanso.

Chachitatu tidafufuza malo obera mpweya. Paipi yochoka ku kabuleta kupita ku masilinda ili ndi mphira ziwiri zolumikizira, ndipo imodzi idali yong'aluka. Mpweya wolowera pamenepo umachepetsa petulo m'chisakanizo. Apa m'pamene padagona nkhani yonse. Ndikadangowonjezera petulo pa kabuleta, tikadaononga mafuta ndi kudetsa mapulagi koma nthenda ikadalipobe.

Pomaliza tidafika pa kabuleta uja, wa mtundu wa Solex, injini itatentha ndipo choko atatsekukiratu. Kabuletayu ali ndi masikuluwu awiri: yaikulu imakweza kapena kutsitsa liwiro la injini, yaing'ono imasintha kuchuluka kwa petulo. Yaing'onoyo tidaimanga mosakakamiza mpaka kumapeto, n'kuimasula maulendo awiri ndi theka. Ndi yaikulu tidaika liwiro pakati pa mizungulo 800 ndi 900 pa mphindi. Kenaka tidabwerera ku yaing'ono, kuipotoza pang'ono, kudikira, kumvetsera, mpaka kulira kudasalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Patsikulo ndidayendetsa ndine. Kuchokera kutchalitchi mpaka kuholo tidakwawa m'giya loyamba, kuima paliponse pomwe amayi ovina adatchinga msewu, ndipo injini siidazime ngakhale kamodzi. Beetle yomaliza ya mtundu uwu idapangidwa ku Mexico m'chaka cha 2003, ndipo amakanika ozolowera kabuleta akunka nachepa. N'chifukwa chake ndalemba ndondomekoyi: mavavu, moto, mpweya, kenaka kabuleta.