Magetsi a pa Siteji: Uthenga Uyende pa Waya Kapena pa Mphepo?

Pa 7 June 2010, Steve Jobs anaima pamaso pa chinamtindi cha anthu mumzinda wa San Francisco kuti aonetse foni yatsopano ya iPhone 4. Atayesa kutsegula tsamba la nyuzipepala pa intaneti, tsambalo linakaniratu.  Chinasokoneza zinthu chinali m'zikwama za alendo ake omwe: muholomo munali tizipangizo ta Wi-Fi toposa 500, tonse tikulimbirana kanjira kamodzi ka pa mphepo. Mkulu wa Apple uja anachita kupempha atolankhani kuti azimitse zipangizo zawo chionetsero chisanapitirire.

Kanjira kamene kanapanikizana tsiku limenelo, ka mafunde a 2.4 GHz, ndi komwenso zipangizo zambiri zoyendetsera magetsi a pa siteji popanda waya zimadutsa. Umu ndi mmene muli gwero la mkangano wa amisiri a magetsi, kuyambira m'nyumba za zisudzo za ku London mpaka kwa anyamata okongoletsa holo ya ukwati ku Lilongwe.

Nyali ya pa siteji imafuna zinthu ziwiri: mphamvu ya magetsi, ndi uthenga woiuza chochita. Uthengawo umachokera pa desiki ya mmisiri, ndipo chilankhulo chake chimatchedwa DMX512. Chinakhazikitsidwa mu 1986 ndi bungwe la akatswiri a zisudzo la ku America, la USITT, pofuna kuthetsa chipwirikiti cha nthawi imeneyo, pamene kampani iliyonse inali ndi chilankhulo chakechake ndipo desiki ya kampani ina sinkamvana ndi zida za inzake. Waya umodzi wa DMX umanyamula manambala 512, ndipo nambala iliyonse imakhala pakati pa 0 ndi 255. Ina imanena kuchuluka kwa kuwala, ina mtundu, ina kumene nyali itembenukire. Wayawo umachoka pa desiki kukalowa m'nyali yoyamba, kutuluka kukalowa m'yachiwiri, mpaka yomaliza, ndipo nyali iliyonse imangotola manambala a pa adiresi yake.

Chodabwitsa n'chakuti desiki siidikira yankho. Imangobwereza uthenga wonsewo maulendo pafupifupi 44 pa sekondi, osafunsa ngati wafika bwino. Ukasokonekera panjira, wotsatira umakonza msangamsanga, diso lisanaone. Pa kuwala zimenezi n'zokwanira. Koma n'chifukwa chakenso malamulo a DMX amachenjeza kuti isagwiritsidwe ntchito pophulitsa makombola okongoletsa kapena poyendetsa zinthu zimene zingavulaze munthu.

Amene amati waya sunama amaiwala kuti waya uli ndi matenda ake, ndipo ambiri amachokera ku kuumira ndalama. Mwalamulo pulagi ya DMX imakhala ya mano 5, koma nyali zambiri zotsika mtengo zimabwera ndi ya mano 3, yofanana ndendende ndi ya maikolofoni. Zinthu zikathina, munthu amangotola waya wa maikolofoni n'kulumikiza. Pa nyali zinayi zoyandikana zimayenda. Mzere ukatalika, nyali zimayamba kuphethira zokha, chifukwa waya wa mawu sunapangidwire uthenga wothamanga chotere. Kumapeto kwa mzere kumafunikanso kachotsekera ka 120 ohm koletsa uthenga kubwerera m'mbuyo n'kusokoneza unzake. N'kotsika mtengo zedi, koma ndi komwe kamaiwalika kawirikawiri. Mzere umodzi suyeneranso kupitirira zida 32 popanda chipangizo chogawira uthenga. Ndipo pulagi imodzi ikamasuka pakati, nyali zonse za kutsogolo kwake zimasiya kumva.

Ubwino wake ndi woti vuto la waya lili ndi malo. Mmisiri amatenga tochi, n'kulondola mzere kuchokera pa nyali yomaliza imene ikumvera, ndipo posakhalitsa agwira pamene padwala.

Pa mphepo palibe cholondola.

Makampani amene anatchuka pa ntchito yochotsa wayayu ndi a ku Sweden: Wireless Solution, omwe anayambitsa W-DMX, ndi LumenRadio ya ku Gothenburg, eni ake a CRMX, yomwe inagula Wireless Solution mu 2020. Ku America kuli City Theatrical. Nzeru yawo yaikulu ndi kudumphadumpha. Chotumizira sichikhala pa kanjira kamodzi. Chimasinthasintha kambirimbiri pa sekondi, ndipo zida zabwino zimayamba zamvetsera kuti zidziwe pamene padzaza Wi-Fi n'kupalambalala. LumenRadio imati uthenga wake umachedwa ndi mamilisekondi 5 okha, nthawi imene diso la munthu silingaizindikire. Kunena chilungamo, zida za mtundu umenewu zimagwira ntchito mokhulupirika m'malo ovuta kwambiri, ndipo amene amazinyoza nthawi zambiri anapsa ndi timabokosi totchipa topanda ndi dzina lomwe.

Komabe holo yopanda anthu imanamiza. Masana, poyeserera, mipando ili mbee, zonse zimayenda myaa. Madzulo mumalowa anthu zikwizikwi, aliyense ndi foni yake, Bluetooth yoyatsa, ena akugawirana intaneti. Kuwonjezera apo, thupi la munthu ndi madzi kwambiri, ndipo madzi amameza mafunde a 2.4 GHz. Eriyo imene inaikidwa pa tebulo, yomwe masana inkaonana bwinobwino ndi inzake ya pa siteji, usiku imapezeka yatchingidwa ndi khamu loimirira likuvina. N'chifukwa chake odziwa ntchito amakweza eriyo pamwamba pa mitu ya anthu, kutali ndi zitsulo zopachikapo nyali ndi masikirini akuluakulu. Choopsa kuposa zonse ndi kuyendetsa chionetsero chonse pa tabuleti yolumikizidwa ku Wi-Fi wamba, yomwe imakhala pa kanjira kamodzi osadumpha. Tabuleti ndi yabwino poyendayenda muholo masana kulunjika nyali. Ikafika nthawi ya oimba, ndi bwino kubwerera pa desiki.

Nanga bwanji osangosiya zamphepozi? Chifukwa pali malo amene waya sungafike. Siteji yozungulira ingapote waya mpaka kuduka. Nyali yosokeredwa m'chovala cha wovina singakoke chingwe. Ojambula mafilimu anakonda kwambiri nyali za mabatire zooneka ngati ndodo za kampani ya ku Germany ya Astera chifukwa amaziika paliponse m'kanthawi kochepa. Pa ukwati, nyali za m'mbali mwa khoma zikakhala zopanda waya, agogo sapunthwa popita kukafupa. Ndipo gulu loimba la Coldplay litayamba kugawira anthu zibangili zowala za Xylobands pa maulendo ake a Mylo Xyloto, zinali zoyendera mafunde a wailesi, popeza palibe akanamangirira bwalo lonse la anthu ku mawaya. Kampani ya PixMob ya ku Montreal, imene yapangira woimba Taylor Swift zibangili zotere, inatchuka ndi njira ina: kuwala kwa infrared, konga kwa rimoti ya wailesi yakanema, komwe sikulimbirana njira ndi Wi-Fi.

Koma pa mwambo wotsegulira masewero a Olympics ku London mu 2012, timapanelo towala toposa 70,000 timene tinali pa mipando, n'kusandutsa bwalo lonse kukhala sikirini imodzi, tinali tolumikizidwa ndi mawaya. Mipando siyenda, ndiye panalibe chifukwa chodalira mphepo.

Kagawidwe kameneka ndi komwe amisiri ambiri amatsata. Nyali zopachikidwa pamwamba pa siteji zimafunika kale waya wa mphamvu, choncho kuwonjezera wa uthenga si ntchito yaikulu. M'zionetsero zikuluzikulu uthengawo umayenda pa mawaya a netiweki ya makompyuta, m'zilankhulo monga Art-Net ndi sACN. Mphepo amaisiyira zokhazo zoyenda ndi zakutali. Nyali zambiri zili ndi posankha chochita uthenga ukaduka, kuzima kapena kukhalabe mmene zinalili, ndipo wanzeru amasankha chachiwiricho kuti woimba asatsale mumdima.

Kwathu kuno, kumene chionetsero chimatha kusamukira pa jenereta chili pakati, pali kanthu kena koyenera kukumbukira. Magetsi akangothima, desiki imayambiranso, chotumizira ndi zolandirira nazo ziyenera kupezananso, ndipo masekondi amenewo amatalika anthu akamaimba mluzu. Kabatire ka UPS, komwe masitolo a makompyuta amagulitsa, kakhoza kusunga desiki ndi chotumizira zili zoyaka mpaka jenereta italira.