Khama Lina Lipasula Banja

Tonse tidziwa kuti ulesi ndi mdani wa mudzi, ndipo munthu wakhama timtama. Komatu pali khama lina lofanana ndi uchidakwa. Mu 1971 mbusa wina wa ku America, Wayne Oates, analemba buku lofotokoza za anthu amene ntchito yawagwira monga momwe mowa ugwirira munthu. Kalaliki, mphunzitsi kapena kapitao wotere sathanso kuileka ntchito ngakhale nthawi yoweruka itakwana.

MITUNDU ITATU

Mu 1992 akatswiri awiri a ku America komweko, Janet Spence ndi Ann Robbins, anayesa antchito pa zinthu zitatu: kudzipereka kwao, kukondwa nayo ntchito, ndi chikakamizo chochokera mumtima. Mwa anthu olimbikira anapezamo mitundu itatu.

Woyamba aikonda ntchito yake ndipo aigwira ndi mtima wonse, koma palibe chomthamangitsa. Akaweruka, waweruka. Ameneyu si chidakwa ai.

Wachiwiri agwira kolimba koma osakondwa. Akakhala pansi mtima umtsutsa ngati waba. Madzulo abwera ndi mapepala kunyumba, usiku tulo tosowa, mwana akamfunsa kanthu amkalipira.

Wachitatu ndiye wovuta kumzindikira. Aikonda ntchito ndithu, komanso chikakamizo chija ali nacho. Bwana amyamika, iye mwini asekerera, choncho palibe amchenjeza. Koma ofufuza ena mu 2000 anapeza kuti wachiwiri ndi wachitatu, onse awiri, ntchito iwasokonezera moyo wa kunyumba kuposa anzao.

CHIKONDI CHA MITUNDU IWIRI

Wina angafunse: kodi kukonda ntchito n'kulakwa? Iyai. Mu 2003 katswiri wa ku Canada, Robert Vallerand, ndi anzake anafotokoza kuti chikondi chotere chili pawiri. Pali chikondi chimene munthu achilamulira, chosiyira malo banja, abale ndi mpumulo. Palinso chikondi chimene chilamulira munthu, chimene kawirikawiri chimera pa kufuna kutamidwa kapena kuopa kuoneka wachabe. Choncho musangowerenga maola okha. Mlimi pa nthawi yopalira atha tsiku lonse m'munda, koma ntchito ikatha apachika khasu nacheza ndi ana ake. Chidakwa cha ntchito chilibe nyengo yopachika khasu.

AMENE ALIPIRA NDANI?

Oyamba kulipira ndi a m'nyumba. Mai asenza okha za sukulu, za matenda ndi za maliro. Ana akula akudziwa ndalama za atate ao koma osadziwa mau ao. Zichitikanso chimodzimodzi mai akakhala ndiwo omangidwa ndi ntchito.

Thupi nalo lilipira. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi la antchito la ILO, linalengeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anafa ndi matenda a mtima ndi ofa ziwalo chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu. Si onsewo anali zidakwa za ntchito, pakuti ambiri awakakamiza ndi umphawi kapena mabwana. Koma mtima wa munthu sufunsa chifukwa chake. Kuno ku Malawi lamulo la za ntchito la mu 2000 liika maola 48 pa mlungu, osawerengera oonjezera.

DZIYESENI NOKHA

Inu amene muli pa ntchito, dzifunseni mafunso awa. Kodi tsiku lopuma likafika mupumadi, kapena mtima uli ku ofesi? Kodi mudziwa dzina la mphunzitsi wa mwana wanu? Kodi mlungu uno mwadya kangati pamodzi ndi a m'banja mwanu? Ngati mayankho akuchititsani manyazi, yambani ndi chinthu chimodzi: ikani ora loweruka, muuze akazi anu kapena amuna anu, ndipo mulisunge monga musungira ora loyamba ntchito.

Ndipo inu mabwana, musamangotama amene atseka ofesi usiku. Mlimi wanzeru amasula ng'ombe pagoli dzuwa likatentha, chifukwa afuna kuti idzalimenso mawa. Paja kuthamanga si kufika.